Ufa Umene Ndinatumizira Loya

6 Febuluwale

Okondedwa Mayi a Loya,

Moni wochuluka kwa inu ndi ana. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli amoyo, inuyo, Loya wathu, ndi Chitsirizira amene ndikumva kuti mano akutsogolo aguluka onse. Ine kuno ndikudzuka bwino, Mulungu akusunga.

Mumadandaula kuti pafoni ndimangoti eya, eya, ngati ndikuyankha wapolisi. Musandide. M'chipinda muno timagona anthu anayi, ndipo a Wowotcherera amene ali pabedi la pamwamba panga amamva ngakhale zimene munthu ukungoganiza. Ndiye nkhani zenizeni ndizilemba papepala, a dalaivala a lole azikupatsirani pamodzi ndi katundu.

Nkhani yabwino ndi iyi: andichotsa pa anyezi. Zaka ziwiri ndakhala pakona ya sinki, kusenda anyezi ndi mbatatesi, misozi chuchuchu ngati ndili pamaliro a munthu wosamudziwa. Kuyambira Lolemba ndili pa miphika. Ilipo isanu ndi umodzi, uliwonse Chitsirizira akhoza kusambiramo, ndipo timaphikira anthu mazana atatu a m'fakitale muno. Mkulu wa khitchini timamutcha Chipande, chifukwa chipande sichichoka m'manja mwake ngakhale akuyankha foni. Wandiuza kuti wapamiphika ntchito yake ndi lilime, mphika uliwonse ndizilawa katatu usanatuluke. Malipiro akwerako pang'ono, ndiye mwezi uno muona kusintha.

M'katoni muli nsapato za sukulu, sopo, mafuta ophikira, ndi paketi yaikulu ya ufa woyera wooneka ngati shuga wa timibulu tatitali. Umenewo ndiye ndikufuna mumvetse bwino. Ndi wokometsera ndiwo, kuno timathira mumphika uliwonse. Ophikafe tili ndi chizolowezi chathu. M'mamawa tisanayatse mbaula, m'mimba mulibe kanthu, aliyense amatenga kapu ya madzi otentha, n'kuthiramo supuni yodzaza ya ufawo, kadontho ka mafuta ndi katsabola, n'kumwa chiimirire. Timati kapu ya ophika. Imakoma ngati msuzi wa nkhuku pomwe nkhuku sinaphedwe, ndipo anzanga akuti imagwira munthu mpaka masana. Ndili pa anyezi sankandiitana, pano ndikumwa nawo.

Paketi imeneyi si ya nyumba yonse, ndi ya Loya. Chaka chino ndi cha mayeso ake omaliza ndipo amayenda mtunda m'mawa ndi tiyi wosathira kanthu. Muzimupangira kapu imeneyi asanatuluke, masiku a sukulu okha. Loweruka ndi Lamlungu ayi, kuti ufawo ufike mpaka mayeso. Chitsirizira akalira mumuuze kuti naye chaka chake chidzakwana.

Mizere itatu imene Loya amandilembera kumunsi kwa kalata yanu ndi imene ndimayamba kuwerenga, musapse mtima. Ulendo uno wandikumbutsa kuti nsapato ndinalonjeza mwezi wa Okutobala, ndipo akuti kalatayo anaisunga ngati umboni. Sitinalakwe kumutcha Loya mwana ameneyu.

Kumiphika n'kotentha ndipo thupi silinazolowere, koma zimenezo n'zazing'ono.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Loya


27 Febuluwale

Okondedwa Mayi a Loya,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti katoni inafika yosatsegula, ndi kuti inu ndi Chitsirizira muli bwino. Ine ndilipo.

Za mutu wa Loya ndamva. Mukuti akafika pakati pa njira umayamba kumuwawa, nkhope imatentha, khosi limauma, ndipo phunziro loyamba amangogoneka mutu padesiki. Musade nkhawa kwambiri. Mutu wa mwana wa mayeso ndi mabuku. Mwana amene amawerenga ngakhale chikwangwani cha pasopo, mutu ungalekerenji kudandaula? Mwinanso mukumuumira, ndimakudziwani pa nkhani yosunga zinthu. Supuni izikhala yodzaza, yokhala ndi kaphiri pamwamba, osati yopalapasa ndi chala. Ufa ukatha nditumiza wina, Chipande amandigulitsa pamtengo wa khitchini.

Kuno zinthu zikukwera ngati zikuthawa madzi osefukira. Buledi amene tinkagula awiri pano tikugula mmodzi ndi theka lake, ndipo mwininyumba wakweza lendi ponena kuti wapenta khonde, pomwe wapenta chitseko chake chokha. A Wowotcherera akuti tizingophika limodzi Lamlungu. Munthuyo amaphika ngati akuwotcherera geti, mchere, anyezi, basi, koma amakhutitsa.

Chitseko cha kukhitchini kwanuko musadikire kuti chigwere mwana. Muitane kalipentala wa kuseri kwa tchalitchi, osati mlamu wake uja anatikhomera shelefu yopendama. Nkhuku ya mawanga musagulitse.

Pali kanthu ndikufuna kufunsa, ndipo ndangofunsa chabe. Malemu bambo anga, inu munawasamala miyezi yawo yomaliza ine ndili kuno. Kodi matenda awo othamanga magazi aja anayamba bwanji? Ankadandaula mutu choyamba, kapena chifuwa kuthina? Anali ndi zaka zingati pamene zinayamba? Mukandiyankha musauze achemwali anga kuti ndafunsa, mukudziwa kuti iwo akagwira mchira amati agwira ng'ombe yonse.

Mumuuze Loya kuti mizere yake ndalandira. Akuti nsapato ndi zazikulu ndi nambala imodzi ndipo akufuna kudziwa amene anandipatsa muyeso. Mumuuze kuti phazi limakula, nsapato siikula.

Ndine wanu,
Bambo a Loya


20 Malichi

Mayi a Loya,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lilipo koma mtima suli m'malo.

Lachinayi achemwali anga anandiimbira foni ndili pakati povundula mpunga. Zimene anandiuza n'zimene inu simunandilembere. Akuti Loya wabwezedwa kusukulu katatu. Akuti amasanza m'mawa, thukuta kamukamu, mtima kuthamanga, koma ikafika nthawi ya masana ali bwinobwino, akudya, akutsutsana ndi wailesi. Akutinso Loweruka ndi Lamlungu sadwala n'komwe. Ndinati mwina ndi malungo. Anaseka, kenako anati:

"Achimwene, mwana wamkazi wa msinkhu umenewu akamasanza m'mawa okhaokha, inu dzina la matendawo simukulidziwa? Ife tinabereka asanu."

Mpunga unapserera. Chipande anandinyoza pamaso pa anthu onse ndipo sindinamve ngakhale liwu limodzi.

Mayi a Loya, chifukwa chiyani ndikumva kwa ena? Kapena mukudziwa kanthu ndipo mukumubisa? Ine ndili kuno kupsa manja, kugona pansi pa munthu wochita nkonono, kudya ndiimirire, zonsezi kuti mwana ameneyu afike pamene ife sitinafike. Ngati watichita zimenezi, ndiye ndinabwereranji kuno?

Mupite naye kuchipatala akamuyeze. Achemwali akuti akuperekezani, muwalole. Ndalama ya mayeso imene ndinatumiza sabata yatha musakapereke kusukulu mpaka ndimve zotsatira. Ndikudziwa kuti tsiku lomaliza kulembetsa ndi 30 Epulo, nthawi ilipo. Ndipo mumuuze kuti bambo ake akuti, pakamwa pamene amatsutsira anthu onse paja, ayambe wayankha funso ili.

Kapu ya m'mawa musasiye, kaya zili bwanji thupi lake likufunika mphamvu.

Zikomo pondiyankha za malemu bambo. Mukuti anayamba ndi mutu ndi kutentha nkhope, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu. Chabwino. Ndamva.

Dzulo ndinakhala kanthawi m'chipinda chozizira chosungiramo nyama, ndinauza Chipande kuti ndikufuna batala. M'menemo munthu umapumako. Mwezi wa Meyi kampani iyeza antchito onse a kukhitchini isanatipatse chaka china, ndipo amene amupeza ndi vuto amamuthokoza bwinobwino n'kumuonetsa geti. Mapepala a malo athu aja ali m'chikwama chakuda pansi pa bedi, ndangoti mudziwe pamene ali.

Ndine,
Bambo a Loya


3 Epulo

Okondedwa Mayi a Loya,

Moni kwa inu ndi ana. Kalata yanu ndalandira dzulo, ndaiwerenga kanayi.

Ndiye alibe pakati. Ndathokoza Mulungu, koma kuthokoza kwake kwandivuta kumeza. Sindinadziwe kuti achemwali akamutenga kusukulu komweko nthawi yopuma, atavala yunifolomu, n'kudutsa naye pakati pa anzake mpaka kuchipatala. Sindinanene choncho ine. Koma ndinati muwalole, ndipo zimenezo sindingazikane.

Mukuti kuyambira tsiku limenelo wakana kupita kusukulu, mabuku waika m'katoni ya nsapato, ndipo akangomva dzina langa amatuluka panja. Mukutinso chikhalireni pakhomo sanadwaleko ngakhale kamodzi, moti achemwali akuti umboni ndi umenewo, mwanayo ankangonamizira kuthawa mayeso, bola apite kwawo akawathandize pa geni. Musavomere kanthu. Koma nanenso ndasowa mtengo wogwira. Mwana amene ankalira sukulu ikatsekera, lero azinamizira kusanza? Ndipo ngati sakunama, ndi matenda anji amene amadziwa kalendala?

Masiku atsala makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Ndalama ya mayeso muisunge pafupi.

Kumunsi kwa kalata yanu kunatsala malo, mizere itatu kapena inayi. Ndinatembenuza pepala, kuseri kulibenso kanthu. Ndaona.

Zolemba zanga zikupendama chifukwa ndikulemba ndi dzanja lomanga bandeji. Lachisanu chogwirira mphika wa nyemba chinandipulumuka, msuzi n'kunditayikira padzanja. Maso anachita mdima pang'ono, ndi nthunzi. Andipatsa masiku khumi opuma. Si chachikulu.

Ndine wanu,
Bambo a Loya


17 Epulo

Okondedwa Mayi a Loya,

Moni nonse. Ndili moyo, dzanja likupola. Pafoni Lachiwiri ndinangokuuzani kuti ufa uja musaukhudzenso ndipo mukapereke ndalama ya mayeso, ndinali kuseri kwa migolo ya zinyalala ndipo mawu ankaduka. Tsopano khalani pansi muwerenge zonse, chifukwa pali zimene ndakubisirani kuyambira Febuluwale.

Chiyambireni pa miphika ndakhala ndikudwala tsiku lililonse la ntchito. Pakangopita theka la ola titayatsa mbaula, mutu umayamba kuthina ngati andimanga lamba pachipumi. Nkhope kutentha, kuseri kwa khosi dzanzi, mtima kugunda mpaka ndimaumva m'makutu, mseru. Masana zimaleka. Ndinatsimikiza kuti ndi matenda a malemu bambo, ndipo ndinakhala chete poopa geti, poopanso kukuikani m'maganizo. Tsiku la nyemba lija sinali nthunzi, ndinachita chizungulire.

Masiku khumi amene ndinakhala m'chipinda ndinkadya zophika a Wowotcherera, mchere ndi anyezi zija ndinkaziseka. Mutu unali mbee. Ndinati ndi kupuma. Lolemba ndinabwerera kuntchito, sanandiike pamoto chifukwa cha bandeji, koma kapu ya ophika ndinamwa nawo. Ndisanamalize kupukuta mathireyi, zonse zija zinabwerera, moto ndisanauyandikire n'komwe.

Ndinali ndi nthawi yosintha bandeji kukachipatala ka pafakitale. Anamwino a kumeneko ndi mayi wachikulire wosaseka. Anaona thukuta, n'kundiyeza magazi, n'kunena kuti akwerako pang'ono koma si a munthu wodwala. Anandifunsa chimene ndadya. Nditawauza za kapu anavula magalasi.

"Supuni yodzaza, m'mimba mulibe kanthu, tsiku ndi tsiku? Kenako n'kulawa miphika isanu ndi umodzi katatu katatu? Bambo, ufa umenewo ophika amathira kachitsine mumphika wa banja lonse."

Anandifotokozera kuti si poizoni. Anthu ambiri amadya moyo wawo wonse osamva kanthu, ngati Chipande ndi anzanga aja. Koma alipo ena ochepa amene thupi lawo siligwirizana nawo ukachuluka, makamaka m'madzi, wopanda chakudya china. Palibe makina oyezera zimenezi, akuti njira ndi kusiya masabata awiri n'kumalemba zimene wadya ndi mmene wadzukira. Ali pakati polankhula ndinaima, mpando n'kugwa. Anandifunsa chavuta n'chiyani. Ndinati ndili ndi mwana.

Mayi a Loya, matenda odziwa kalendala aja kalendala yake ndinalemba ndine. Masiku a sukulu okha, Loweruka ndi Lamlungu ayi. Atadandaula mutu ndinati muonjezere supuni. Atasiya sukulu munasiya kumupangira kapu posunga ufa, n'chifukwa chake anachira. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kwathu zatembenuka, wamkulu ndiye watchola nkhuyu n'kumudyetsa mwana. Ndikadakuuzani za mutu wanga mu Febuluwale, inu ndi nzeru zanu mukadagwirizanitsa tsiku lomwelo.

Tsopano mverani. Paketiyo muichotse m'nyumba. Koma ufawu umabisalanso m'zinthu zina, ndiye muziwerenga timalemba tating'ono kuseri kwa paketi iliyonse. Loya awerenge, maso ake ndi akuthwa. Mukaona MSG, kapena monosodium glutamate, kapena nambala iyi, E621, ndi womwewo. Ndaona kale kusitolo kuti uli m'timakyubu ta msuzi, m'supu wa m'mapaketi, m'kaphukusi ka m'kati mwa manudozi, m'masoseji ambiri, ndi m'tokhwasula tamchere timene ana amagula pageti ya sukulu. Zokazinga za m'njira azifunsa kaye chimene awazapo. Ndiwo muziphika monga munkaphikira kale, anyezi wofiirira bwino, tomato, adyo, mchere. M'mawa adye chakudya chenicheni, kaya buledi ndi dzira, asamatuluke ndi madzi okha.

Anamwino anenetsa kuti ngati atasiya zonsezi mutu n'kubweranso, kapena kupuma kukamuvuta, mupite naye kuchipatala msanga, tisamangonamizira ufa pa chilichonse.

Atsala masiku khumi ndi atatu, ndipo a dalaivala akuti adutsa kaye kwina. Mundiuze kuti mwalembetsa. Sindikudya bwino mpaka ndimve.

Ndine mwamuna wanu wolakwa,
Bambo a Loya


2 Meyi

Okondedwa Mayi a Loya,

Moni. Ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona. Masabata awiri mutu sunandiwawepo.

Zikomo polembetsa dzina lake, ngakhale mwiniwake anakana kukuperekezani. Mwandiuza mawu ake osawachepetsa, kuti amene anamuweruza ndi amene akalembe mayesowo. Ndawalandira. Mwandiuzanso anu, kuti mwamuna wobisa matenda amasiyira mkazi wake maliro odzidzimutsa. Amenewonso ndawalandira.

Chipande ndinamuuza. Anaseka mpaka kukhosomola, akuti zaka makumi awiri wamwa kapu imeneyo ndipo sanamvepo zoti mwamuna wagonja ndi supuni. Kenako anati wophika wosalawa alibe naye ntchito pa miphika. Ndiye ndabwerera pa anyezi, ndipo kamene kanakwera pa malipiro kaja katsika. Za kalipentala ziyambe zaima. Chakudya cha pakantini sindikudyanso, ndimatenga mpunga woyera wosathira msuzi, ndiwo ndimabwera nazo m'kabotolo kuchokera kuchipinda. A Wowotcherera akuyenda modzitama, akuti kuphika kwawo kwavomerezedwa ndi achipatala. Kuyeza kwa kampani ndi Lachinayi likudzali.

Tsamba lachiwirili mumupatse Loya. Akakana kulandira, muliike pa katoni ya mabuku ake.

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Sindikulembera kuti ndidziteteze, chifukwa ndikudziwa kuti pamenepo ungandigonjetse ndisanamalize chiganizo.

Unadwala ndi chinthu chimene ndinatumiza ine, pa muyeso umene ndinalamula ine. Utanena kuti ukudwala, ndinakhulupirira mawu a pafoni kusiyana ndi mwana amene ndamudziwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, amene sanandinamizepo ngakhale pa chenji cha mchere. Anakuyendetsa pakati pa anzako chifukwa cha mawu anga. Ndinalakwa, ndipo ndikupepesa. Azakhali ako ndawaimbira, ndawauza zomwezi, ndipo ndawauza kuti nkhani ya geni ithe.

Chimene unkamva m'mawa uliwonse panjira, inenso ndinkachimva ola lomwelo nditaima pa mbaula. Thupi limeneli unatengera kwa ine. Kusiyana kwake n'kwakuti iwe unanena, ine ndinabisa.

Sindikuuza kuti undikhululukire lero. Koma mayesowo si anga, si a azakhali ako, si a ana amene anakuseka pawindo. Ukawasiya pofuna kundilanga, chilangocho chindipeza ndithu, koma chiyamba chadutsa pa iwe. Atsala masabata asanu ndi awiri. Ndikuopa, mwana wanga. Ndikuopa kuti ndakuthyolera chinthu chimene sindingathe kukugulira china.

Bambo ako


23 Meyi

Okondedwa Mayi a Loya,

Moni wochuluka kwa inu, kwa Loya, ndi kwa Chitsirizira amene akuti mano ayamba kumera. Ine ndili bwino. Kampani inandiyeza, magazi ali m'malo, andipatsa chaka china. Mapepala a malo aja, ngati munawatulutsa, muwabwezere pansi pa bedi.

Masabata atatu opanda kalata yanu anandidya. A dalaivala nditawaona pageti Lachitatu ndinathamanga ndi mpeni m'manja, mlonda mpaka anaimirira.

Koma zimene mwalembazi, Mayi a Loya, zandiimitsa mtima. Ndiye paketi ija simunataye, munangoikweza pamwamba pa kabati poti ndi chinthu chogula. Ndinadziwa. Ndipo mukuti Loweruka lija Loya anakaitana yekha azakhali ake, ndi anzake awiri a m'kalasi amene ali ndi pakamwa potalika, n'kuwakhazika pakhonde. Anawaonetsa kope limene walembamo masiku onse amene sanadwale. Kenako anatsitsa paketi, n'kudzipangira kapu ya supuni yodzaza, n'kumwa onse akuona, n'kuika wotchi patebulo. Theka la ola lisanakwane, thukuta, kunjenjemera, beseni. Mukuti achemwali ndi amene anamugwirira mutu, ndipo popita kwawo anatenga paketiyo okha n'kukaikhuthulira kudzala.

Mumuuze kuti asadzachitenso. Ndikunenetsa. Thupi si bwalo la milandu, ndipo chikadachitika china ine ndili kuno ndikadatani? Koma ndinamenso chiyani, ndi mwana wa ndani ameneyu? Ine miyezi itatu ndinkabisala m'chipinda cha nyama, iye waitana mboni.

Nditumiza mazira a ndalama, ndiye kuti ndalama ya mazira, onani mmene mutu wasokonekera. Azidya awiri m'mawa mpaka mayeso athe. Timakyubu timene munapatsidwa ndi a neba mubweze mwaulemu. M'katoni muno muli makandulo, mapensulo, ndi adyo wambiri. Ufa mulibe, ndayang'ana kawiri.

Kalata yanu ndinayambira kumunsi, monga kale. Ndikukopererani, ngati sanakuonetseni:

"Ababa, ndabwerera kusukulu Lolemba. Mlandu wa supuni ndautseka. Koma wa munthu wobisira mkazi wake matenda miyezi itatu ndausunga mpaka mudzabwere, ndiye mudzabwere wamoyo."

Ndinawerengera pakona ya sinki, thumba la anyezi lili pamiyendo. Ubwino wa ntchito imeneyi ndi wakuti palibe amene amafunsa munthu chimene akulirira.

Mumuuze kuti woimbidwa mlandu wamva, sakukana, ndipo adzafika pa tsiku lake.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Loya